Achemwali anga ndi tenti ya pabwalo la mpira

Uthengawo unalowa pa gulu lathu la banja la WhatsApp Lachitatu usiku, ine ndikuchonga mayeso a ana. Unali mwezi wa July chaka cha 2025, chiperoni chikuwaza, phiri litabisala kwa masiku atatu, kampeni ili mkati. Anautumiza ndi achemwali anga amene ndinapondana nawo. Inali voisi ya mphindi zinayi, mawu a mzimayi amene palibe ankamudziwa, wolankhula motsitsa ngati kuseri kwa chitseko kuli munthu.

Ankachenjeza amayi a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe kuti matenti amene akubwera m'midzi oti akuyeza khansa si a khansa ayi. Ankati anthuwo akulemba manambala a ziphaso zathu kuti adzabere mavoti, ndipo ukagona pabedi paja amakuika mankhwala oumitsa chiberekero kuti mtundu wathu uchepe. Pomaliza anati aliyense wokonda ana ake atumize uthengawo kwa amayi khumi.

Ndinapsa mtima pompo. Ndinalemba kuti: "Achemwali, zaumbuli izi musamatumize pano. Anthu akufa, inu muli kalikiliki kufalitsa mabodza." Pagulupo pali anthu oposa makumi atatu, kuphatikizapo ana awo, apongozi awo ndi atsibweni athu. Palibe anayankha. Kutacha ndinapeza kuti achemwali atuluka pagulupo.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi mayi athu aang'ono. Anali wothyola tiyi pa esiteti ina konkuno, mayi wamphamvu woti dengu kumsana kuyambira m'bandakucha mpaka kukayezetsa masamba madzulo. Kwa chaka chathunthu ankataya magazi mosatsata mwezi, iwo n'kumati ndi kukula, thupi likutsanzika. Kenako panayamba kutuluka madzi onunkha. Nsanza zawo ankachapa usiku n'kukayanika kuseri kwa nthochi kuti ife tisaone. Anapita kwa asing'anga awiri. Wina anati anaponda, wina anati ndi mkazi mnzawo. Tsiku limene tinakafika nawo ku Queens ku Blantyre, madokotala anatiitanira pambali n'kutiuza kuti khansa ya khomo la chiberekero yafalikira kale, opaleshoni singathandize. Masiku amenewo m'dziko muno munalibe makina owotchera khansa, ochepa okha ndiwo ankatumizidwa kunja. Tinabwerera nawo kumudzi ndi botolo la mofini wamadzi, mankhwala ochepetsa ululu. Anamwalira mu 2016.

Maliro atatha ndinayamba kufunsa, ndipo zimene ndinamva zinandipweteka kuposa malirowo. Nthenda imeneyi simabwera ngati mphezi. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kopatsirana pogonana, kamene anthu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo wawo ndipo thupi limakagonjetsa lokha. Mwa amayi ena kamakhalirira, n'kuyamba kusintha khungu la pakhomo la chiberekero pang'onopang'ono, zaka khumi, khumi ndi zisanu, mwina kuposera apo, lisanasanduke khansa. Zaka zonsezo mayi samva kupweteka kulikonse, amalima, amabereka, amavina ku Chonde. Koma namwino atayang'ana angaone kachigamba ka khungu losinthalo n'kukathetsa tsiku lomwelo. Amayi amene ali ndi HIV ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, a WHO amati kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo, ndipo kuno kwathu HIV sitichita kuimva pa wailesi. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha kwambiri padziko lonse: chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Mayi athu aang'ono anali ndi mpata wa zaka khumi woti wina awayang'ane kwa mphindi zisanu zokha.

Ndiye nditamva voisi ija ndinaona ngati wina akulavulira manda awo. Chimene ndinaiwala usiku umenewo n'choti amene ankawasambitsa miyezi yomaliza ija, kuwatembenuza, kuchapa nsanza zija, anali achemwali omwewo. Ine ndinkangobwera Loweruka ndi sopo. Ngati pali munthu m'banja mwathu amene amaidziwa khansa imeneyi ndi manja ake, ndi iwowo. Ndipo ndi amene ine ndinawatcha mbuli pamaso pa ana awo.

Panapita masabata awiri osalankhulana. M'masiku amenewo ndinkangokumbukira 2017.

Anthu a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amaikamba nkhani ya anamapopa ngati nthabwala ya Alhomwe. Ife tinali momwemo. Kuyambira mu September chaka chimenecho midzi yambiri kuno inasiya kugona m'nyumba. Dzuwa likalowa tinkasonkhana pabwalo limodzi, amayi ndi ana pakati, amuna m'mbali ndi zibonga, moto ukuyaka. Wina akangokuwa kutsidya kwa mtsinje, zitini ndi mawezulo zinkalira mudzi ndi mudzi mpaka kutsetsereka kwa phiri. Anyamata anatseka misewu ndi mitengo n'kumasecha galimoto iliyonse. Mlendo wonyamula chikwama kumsana anali pangozi. Anthu osachepera 8 anaphedwa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anatenthedwa ku Blantyre. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Maambulansi anagendedwa, ndipo azaumoyo ankaopa kuyenda ndi zida zawo zantchito. Pulezidenti wa nthawiyo, a Peter Mutharika, anachita kubwera okha kudzachititsa misonkhano kuti anthu akhazike mitima pansi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene dokotala anamupeza atapopedwa magazi.

Inenso ndinagona panja. Ndinkadziwa bwinobwino kuti munthu sangaboole denga n'kukupopa magazi uli mtulo, ndinkaphunzitsa sayansi m'mawa mwake, koma usiku zitini zikayamba kulira ndinkanyamula mwana wanga n'kuthamangira kumene kuli anthu. Mantha safunsa kuti unalekeza kalasi yanji.

Ndipo mphekesera imeneyi si ya dzulo. Mu 2002, njala itavuta, inamveka m'maboma omwewa, yoti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha mabungwe akunja. A Bakili Muluzi anati ndi otsutsa amene akuifalitsa, ndipo mu January 2003 a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre, anagendedwa ndi anthu amene ankati akusunga anamapopa. Kumbuyo kwake kuli kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, pamene kunkamveka kuti magazi awo akupita ku South Africa kukabweza ngongole za boma. Anganga athu ankasimbanso za chifwamba, m'masiku a thangata, pamene Mlhomwe wochokera ku Mozambique ankalipira malo okhala ndi thukuta lake pa esiteti ya mzungu. Mukaiyang'anitsitsa nkhaniyi, imangosintha malaya. Mkati mwake ndi imodzimodzi: wamkulu wina, wagalimoto, wabwera kudzatenga kanthu m'thupi mwa wosauka kuti akapindule nako. Zoti kuli anamapopa ndi bodza. Koma zoti anthu a kuno akhala akutengeredwa zinthu popanda wowafotokozera, kuyambira minda mpaka mphamvu zawo, si bodza ayi. Yendani kuchokera ku Thyolo boma mpaka ku Muloza muone kumene kwathera tiyi ndi kumene kwayambira timinda ta anthu. Bodza likagwera pa nthaka yotere limamera msanga.

Loweruka lachitatu ndinagula shuga ndi buledi pa Chitakale n'kukwera kabaza. Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo.

"Odi kuno."

"Fikani, aphunzitsi."

Chibadwire changa anali asananditchulepo aphunzitsi. Ndinakhala pansi, pamphasa, n'kukoka lichero. Tinasenda nandolo kwa kanthawi osayankhulana. Kenako ndinati, "Achemwali, ndinalakwa. Mawu aja sanali oti n'kukuuzani inu, komanso pagulu. Mundikhululukire."

Anati, "Ophunziranu mumatiyesa ife zitsiru."

Sindinayankhe. Ndinali nditalumbira panjira kuti lero ndikamvetsera mpaka amalize. Ndinangofunsa kuti tenti imene ikunenedwayo anaiona okha kapena ayi.

Anaiona. Inabwera pabwalo la mpira la kwawoko, itabweretsedwa ndi mkulu wina amene ankafuna uphungu. Anamwino analipo enieni, ovala yunifolomu, ndipo sindikukayika kuti ntchito yawo ankaigwira moona. Koma tentiyo inali itakutidwa ndi nsalu za chipani mbali zonse. Chimkuzamawu chinkaimba nyimbo zotamanda mkuluyo. Pakhomo panakhala anyamata ovala malaya a chipani, ali ndi kope, akulemba dzina, mudzi ndi nambala ya chiphaso ya mayi aliyense wolowa. Wotuluka ankalandira chitenje.

"Tandiuza iwe wophunzira," anatero achemwali. "Kodi khansa ili ndi chipani? Ngati ilibe, bwanji yabwera itavala nsalu? Zaka zisanu zonsezi anali kuti, kuti aikumbukire lero voti itayandikira? Ndipo chiphaso changa chikugwirizana bwanji ndi kumaliseche kwanga?"

Ndinasowa chonena, chifukwa mafunso onsewo anali oona. Chiphaso cha unzika chija, chimene tinalembetsa mu 2017, chaka chomwecho cha anamapopa, ndi chimene timalembetsera voti, ndi chomwechonso timagulira feteleza wotsika mtengo. Kwa mayi wa kumudzi ndi chuma chosungidwa m'kathumba kapulasitiki pansi pa sutikesi. Mnyamata wa chipani akachipempha pakhomo la tenti ya chipatala, mayiyo akakayikira, walakwa chiyani? Ndinawauza zimene ndikudziwa: kuti nambala yokha singamuvotere munthu, chifukwa pamalo ovotera amayang'ana nkhope yako m'kaundula ndipo m'kachipinda muja umalowamo wekha. Koma ndinavomerezanso kuti anyamata aja analibe chifukwa chilichonse chachipatala cholembera manambalawo, ndipo akanakhala ine sindikanawapatsa.

Apa ndi pamene ndikufuna kulankhula ndi andale, a mbali zonse, chifukwa ndakhala ndikuzisunga. Amene anakuta tenti ndi nsalu ya chipani anagawa amayi a m'mudzimo pawiri tsiku lomwelo. Wa chipani china sakanalowamo anthu akuona, ngakhale akutaya magazi. Ndipo a mbali inayo, poona kuti mnzawo akutchuka, sanapite kukabweretsa tenti yawo. Njira yotchipa inali kuipitsa ya mnzawoyo. Sindikudziwa amene anajambula voisi ija, koma ndikudziwa amene inawakomera. Onse awiri anapeza zimene ankafuna. Woluza ndi mayi amene kachigamba kake kakukulabe mpaka lero, amene tsopano akukhulupirira kuti ngakhale kuyezetsa kwa kuchipatala cha boma n'komweko. Chisankho chinachitika pa 16 September n'kutha, nsalu zija zinasanduka zoberekera ana, koma voisi ija ikadali m'mafoni.

Zoterezi zinachitikapo kwina ndipo mtengo wake ukudziwika. Mu 2003 atsogoleri ena a kumpoto kwa Nigeria, makamaka ku Kano, anaimitsa katemera wa poliyo ponena kuti muli mankhwala oletsa kubereka. Panapita pafupifupi chaka asanayambirenso, ndipo poliyo inafalikira mpaka m'mayiko amene anali ataithetsa kale. Ana opuwala aja sanavotere aliyense. Kuno kwathu mu May 2021 tinaonera nduna ya zaumoyo ikuponya m'ng'anjo katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene anatha mphamvu, pa nthawi imene mphekesera zinkabweza anthu panjira ya kuchipatala. Wandale amene akufunadi kuthandiza agule mafuta a ambulansi, agule magolovesi ndi viniga amene anamwino amayezera khansayi, azipereke kuchipatala mwakachetechete, tenti ikhale yoyera, alembi akhale azaumoyo a m'dera amene amayi amawadziwa kusikelo. Ngati sangathe kupereka popanda nkhope yake kuonekera pa nsalu, ndiye kuti sankafuna kuthandiza mayiyo.

Achemwali anali asanamalize. Anatchula mayi wina woyandikana nawo amene analowa mu tenti muja. Chibwerereni wakhala akutuluka madzi kumusi, ndipo anauzidwa kuti asagone ndi mwamuna wake kwa masabata anayi. Mwamunayo analusa, akuti amuwononga mkazi wake. "Nanga si kuumitsa chiberekero kumeneko?"

Apa ndinali ndi yankho, ndipo ndinayesetsa kulinena ngati mng'ono wawo, osati ngati ndili kutsogolo kwa bolodi. Mayi ameneyo anamupeza ndi kachigamba, ndipo anakawotcha ndi kachipangizo kotentha kamene amakagunditsa pakhomo la chiberekero kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Pamalopo pamakhala kabala, ndipo madziwo ndi bala likupola, monga mmene chilonda cha moto chimachitira. Masabata anayiwo ndi oti balalo lisasupuke. Chiberekero chenichenicho, m'mene mumakhala mwana, sachikhudza, ndipo amayi amatenga mimba bwinobwino pambuyo pake. Vuto ndi loti pa tenti yodzaza, chimkuzamawu chikusokosa, panalibe amene anakhala naye pansi kumufotokozera, ndipo mwamuna wake palibe anamuuza kanthu. Pamene pasowa kufotokoza, kandimverere ndiye amadzaza.

Anatchulanso wina amene anatumizidwa ku Blantyre n'kukamuchotsa chiberekero. Ameneyo ndimamudziwa. Anamupeza khansa itayamba kale koma isanafalikire, ndipo opaleshoniyo ndi imene inamupulumutsa. Ndinawafunsa kuti mayiyo ali kuti lero. Anati ali pamsika, akugulitsa nanazi. Ndinati, "Nanga mayi aang'ono ali kuti?" Mawuwo atangotuluka ndinaopa kuti ndapwetekanso, koma anangowerama.

Pa nkhani ya kutseka mabereka sindinathe kuwauza kuti zoterozo sizinachitikepo pena paliponse, chifukwa likanakhala bodza. Ku Namibia khoti lalikulu linagamula mu 2014 kuti amayi ena a HIV anatsekedwa m'zipatala za boma popanda chilolezo chawo chenicheni. Zimenezo zinachitika ndi opaleshoni, pobereka, osati ndi thonje la viniga. Koma zimatiphunzitsa kuti mayi ali ndi ufulu wofunsa chimene akumuchita, kuona chimene akumuika, ndi kukana. Wofunsa si mbuli. Ndinawauza kuti ngati tingapite, afunse chilichonse, ndipo akapanda kukhutira tidzuka n'kubwerera.

Nandolo anatha m'lichero. Anakhala chete akuyang'ana makoko. Kenako, motsitsa mawu, anati:

"Nanga akakandipeza nayo?"

Ndinadikira.

"Ine ndinawaona mayi aang'ono. Ndinawasambitsa ine. Fungo lija mpaka lero limandibwerera. Ngati ndili nayo, kuli bwino ndisadziwe, ndizingolima mpaka tsiku langa."

Pamenepo ndi pamene ndinamva chimene chinali pansi pa zonsezi. Mavoti, ziphaso, mtundu kuchepa, zonsezo zinali chitenje chofunda pamwamba. N'kosavuta kuuza anthu kuti sindipita chifukwa andale akufuna kutibera, kusiyana n'kunena kuti ndikuopa kufa mmene anafera mayi anga. Voisi ija inawapatsa chifukwa chaulemu chokanira chinthu chimene ankachiopa kale. Ndipo ine, ndi mawu anga a umbuli aja, ndinkamenya chitenjecho osaona munthu amene akunjenjemera mkati mwake.

Tinakumbutsana za masiku a edzi. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene anthu ankakanira kuyezetsa magazi, ndipo anali ndi mfundo: udziwe kuti utani, mankhwala kulibe? Zinthu zinasintha pamene ma ARV anafika, ku Thyolo kudzera kwa a bungwe la madokotala la MSF mu 2003, kenako boma n'kuyamba kupereka aulere mu 2004. Nawonso ankanenedwa kuti ndi ophera anthu msanga. Chimene chinathetsa bodzalo si chikwangwani cha pamsewu. Anali munthu wa m'mudzi mwako amene unamuona atatha, ali pamphasa, abale atayamba kale kunong'onezana za bokosi, kenako miyezi itatu ukumuona ali ndi khasu paphewa. Chaka chomwecho cha 2004 a Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi edzi, ndipo ndimaona kuti apo wandale anachita chinthu chothandiza: sanagawe nsalu, anangovula manyazi anthu akuona. Achemwali eniake ali ndi anzawo a mumpingo amene akumwa mankhwala zaka makumi awiri tsopano, adzukulu ali m'manja. Ndinawauza kuti kuyeza kumeneku cholinga chake si kupeza khansa, koma kupeza chimene chidzakhale khansa zaka zikubwerazo, chikadali choti n'kuchotsa. Mayi aang'ono sanafe chifukwa anadziwa. Anadziwa mochedwa.

Sanavomere tsiku limenelo. Anangondipatsa nandolo m'jumbo n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Patapita sabata anandiimbira: "Ukapita iweyo, ndikakuperekeza. Koma ine sindikagona pabedipo."

Tinapita Lachiwiri, pachipatala chaching'ono cha m'dera lawo, tsiku wamba, popanda tenti kapena nyimbo. Palibe anafunsa chiphaso. Anangofuna kabuku ka kuchipatala. Ndinapempha anamwino kuti achemwali alowe nawo aone zonse, ndipo anavomera. Anali mayi wachikulire, wosafulumira. Achemwali ataloza botolo limene linali patebulo n'kufunsa kuti mankhwalawo ndi ati, anamwinowo sanakwiye. Anatsegula n'kuwapatsa.

"Tanunkhizani, mayi."

Achemwali ananunkhiza, n'kubweza mutu. "Si viniga uyu?"

"Yemweyo wothira m'kabichi ndi mu tchipisi."

Anawaonetsanso kachitsulo kooneka ngati mlomo wa bakha kotsegulira njira, thonje, ndi nyali. Ndinagona. Kachitsuloko kamazizira ndipo sikasangalatsa, koma sikapweteka. Anapaka viniga, n'kudikira mphindi imodzi akuyang'ana wotchi. Anafotokoza kuti pamene pali vuto pamayera ngati pathiridwa mkaka, pamene pali bwino pamakhalabe pofiirira. Panalibe jakisoni, panalibe dontho la magazi lotengedwa. Kwa ine panalibe kanthu. Ndikuvala, ndinamva achemwali akuti, "Poti ndafika kale."

Iwo anawapeza ndi kachigamba. Kakang'ono, anatero anamwino, kosafika pa khansa, koyenera kuwotcha lero lomwe. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti akuona nthochi zija ndi nsanza zija. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Ankamva kupotokola ngati kwa kumwezi. Madzi a tiyi sakanawira n'komwe, zinali zitatha. Anamwino anawalembera m'kabuku tsiku lodzaonedwanso chaka chamawa, n'kuwafotokozera za madzi aja ndi masabata anayi aja, kawiri, mpaka achemwali anabwereza okha.

Alamu ndinakawafotokozera ndine, madzulo omwewo, chifukwa achemwali anati iwo sangayambe. Ndinkayembekezera mkangano. Anamvetsera, chipewa chili m'manja, n'kufunsa funso limodzi lokha: ngati iwowo ndi amene anabweretsa kachilomboko. Ndinawauza zoona, kuti kachilomboka n'kofala kwambiri, kamatha kukhala m'thupi zaka zambirimbiri, ndipo palibe angadziwe kuti kanabwera liti kapena ndi ndani. Anapuma mozama n'kunena kuti masabata anayi si chaka.

Sindikufuna kunamizira kuti njira yonse ndi yosalala chonchi. Ife tinachita mwayi. Amayi ena amayenda mtunda wautali, m'madera ena kuwoloka mitsinje imene namondwe Freddy anaikokolera milatho mu March 2023, n'kukapeza wophunzitsidwa kuyeza kulibe tsiku limenelo, kapena kachipangizo kafa. Mayi wotero akabwerera chimanjamanja kawiri, voisi ija imayamba kumveka ngati yanzeru. Kuyeza ndi viniga nakonso kumadalira diso la munthu, n'chifukwa chake amati uzibwereranso pakapita zaka, ndipo m'zipatala zina ayamba kuyeza kachilombo ka HPV kenikeniko. Mayiko anagwirizana mu 2020 kuti pofika 2030 amayi 70 mwa 100 aliwonse azikhala atayezedwa. Nambala imeneyo sidzakwana ndi matenti a nyengo ya kampeni. Idzakwana ndi chitseko chotsegula Lachiwiri lililonse, ndi namwino amene sakwiya mayi akafuna kununkhiza botolo.

Achemwali sanabwererebe pa gulu la banja, ndipo sindinawakakamize. Koma ndinamva kuti anapita okha kwa mayi woyandikana nawo uja, mwamuna wake ali pompo, kukawauza kuti nawonso akutuluka madzi omwewo ndipo si kanthu. Mwezi wotsatira anaperekeza amayi awiri a mumvano.

Pali nkhani imodzi imene sitinagwirizanebe. Ali ndi mdzukulu wamkazi wa zaka 9 amene amakhala naye, msinkhu woyenera katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu January 2019. Azaumoyo atabwera kusukulu, achemwali anamuuza mwanayo kuti asapite tsiku limenelo.

"Za ine ndinavomera poti ndinaona ndi maso, ndinanunkhiza," anatero. "Koma jakisoni sindingaone zimene zili mkati. Ine ndinabereka kale. Uyu sanayambe."

Ndinawauza kuti katemerayu wakhala akuperekedwa m'mayiko ambiri kuyambira 2006, kuti ofufuza sanapeze kuti amaletsa kubereka, ndi kuti amaperekedwa kwa ana aang'ono chifukwa amagwira bwino ntchito mtsikana asanakumane ndi kachilomboko. Ndinawauzanso kuti kuno kwathu anayambira ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, ndipo atsikana amene anabayidwa nthawi imeneyo tsopano ndi azimayi a zaka za m'ma 20.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Undipezere mmodzi," anatero. "Ndimuone ndi maso angawa, mwana ali kumsana. Ndikamufunse ndekha."

Pasukulu pathu pali mphunzitsi mnzanga wa ku Zomba. Ndamupempha kuti akapita kwawo pa holide akafunse kwa ang'ono ake ndi anzawo. Akapezeka, ndalama ya minibasi ndilipira ine.